Ndege ya Pulasitiki ya a Abson Daka

A Abson Daka anatsuka ndege zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma sanakwerepo ngakhale imodzi ikuuluka. Ndinawadziwa ku Chelstone, kumene nyumba zathu zinali zoyandikana. Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu yapafupi, ndipo poweruka ndinkadutsa pakhomo pawo.

Anachokera ku Petauke ufulu utangobwera kumene, ali ndi satifiketi ya Sitandade Sikisi ndi sutikesi yamalata. Ntchito anaipeza pa kampani ina ya ndege: kukolopa, kupukuta mawindo, kuchotsa mafuta odonthera pamapiko. Koma mtima wawo unali pa umakaniko. Anzawo akamapuma masana, iwo ankaima pambali pa mainjiniya n'kumawapatsira masipanala, mpaka anadziwa dzina la kachitsulo kalikonse ka mu injini. Atapempha kuti awatumize kumaphunziro, anauzidwa kuti sukulu yawo ndi yochepa. Analowa sukulu yamadzulo, ndipo patatha zaka zinayi anakhoza Fomu Thuu. Atabwerera ndi pepala lija, anauzidwa kuti tsopano akula.

Mu 1979 injiniya wina wachizungu, pobwerera kwawo, anawasiyira katoni yong'ambika m'makona. M'katimo munali tizidutswa totuwa ta pulasitiki, toti munthu alumikize n'kupanga kandege ka mapulopela anayi, kotalika ngati mkono. Mzunguyo anali atayambapo n'kuleka. Pulopela imodzi panalibe, tayala lakutsogolo panalibe, ndi kagalasi ka pamene pamakhala woyendetsa. Guluu wake anali atauma gwa.

Katoniyo inakhala pamwamba pa wadirobu mpaka 1983, chaka chimene kampani inachepetsa antchito ndipo dzina la a Daka linali m'gulu la ochotsedwa. Anayenda m'mafakitale ku Heavy Industrial Area miyezi isanu, akumva yankho limodzi pageti lililonse. Kenaka anasiya kupita. M'mawa wina anatsitsa katoni ija, anayala nyuzipepala pakhonde, n'kuyamba.

Akazi awo, a Febby, ankagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo ndizo zinkadyetsa banja. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Emmy, anali atakwatiwa ku Kabwata. Tsiku lina a Febby atabwera kuchokera pamzere wogulira sopo chimanjamanja, ndinawamva akulankhula.

"Atate ake Emmy, anzanu ali pa laini, imwe muli pa chidole?"

"Si chidole ichi, amake Emmy. Chilichonse chili pamalo pake monga pa ndege ya zoona. Bwelani muone."

"Nilibe nthawi yoona."

A Daka anagwira ntchitoyo ngati ya malipiro. Guluu anakapempha kwa wosoka nsapato pamsika. Pulopela anaisema pa chigwiriro cha mswachi wakale. Atatu oyamba anathyoka, yachinayi inawatengera milungu iwiri akupala ndi lezala ndi kusalaza pa simenti ya pakhonde, akumayerekeza ndi mapulopela enawo padzuwa. Tayala analipanga ndi mabatani awiri a jekete lawo la kutchalitchi, atawamata msana ndi msana. Kagalasi anakadula pa botolo la mankhwala a chifuwa, n'kukapinda pa nthunzi ya ketulo. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho ankagwira ntchitoyo pokhapokha dzuwa likawala bwino.

Ndikaima kuwapatsa moni ankandionetsa. "Ba ticha, apa ndiye pamene mafuta yamadontha nthawi zonse. Nikanakhala ine, nikanasintha paipi iyi." Ankaloza ndi singano pamalo pamene ine sindinkaonapo kanthu.

Patatha miyezi isanu ndi itatu ndege inaima pa matayala ake. Panatsala penti. Anayenda masitolo a mu Cairo Road ndi a ku Northmead, koma zaka zimenezo mashelefu anali mbee, ndipo ogulitsa ena ankangoseka akamva kuti bambo wamkulu akufuna penti ya kandege. A Febby anawauza kuti aisiye yotuwa choncho. Iwo anakana, ati ndege yosapenta ndi yosatha.

Amene anawathandiza ndi a Killian, mnzawo wakale amene ankapenta magalimoto pa galaja ina. Loweruka lina m'mawa anafika pa njinga ndi tizitini tiwiri, koyera ndi kasiliva.

"Ba Daka, shani? Nabweletsa. Iyi ni penti ya mamotoka, siichoka olo mvula ibwele bwanji. Nasakaniza kale na thina, mankhwala yosungunulila penti, izauma mwamsanga."

A Daka anavala ovolosi yawo yakale ya kuntchito. Anandiitana, ndipo ngakhale a Febby anatuluka n'kuima pakhomo atapinda manja. Burashi inali nthenga ya nkhuku yodulidwa bwino kunsonga. Anayamba ndi msana wa ndege, koyera, mzere umodzi wosadukiza kuchokera kumutu mpaka kumchira, kenaka mapiko ndi kasiliva. Kwa kanthawi kandege kaja kanawala moti a Febby anati, "Iyee, koma yakongola."

Anaiika pampando kuti iume, tinakhala pansi kumwa tiyi wopanda shuga. A Killian ndiwo anayamba kuona.

"Ba Daka, phiko ija ichita bwanji?"

Pamwamba pa phiko panali patachita makwinya ngati mkaka wowira ukamazizira. Tikuyang'ana choncho, nsonga ya phikolo inayamba kuwerama. A Daka anathamanga n'kuinyamula, ndipo zala zawo zinalowa m'msana mwa ndege ngati m'phala. Penti ija inali kudya pulasitiki. Anayesa kupukuta ndi nsanza, nsanza inachoka ndi mawindo. Anathira madzi, osathandiza. Pomafika masana, panyuzipepala panali chibuluma chonunkha thina. Zimene sizinasungunuke ndi zimene anapanga okha: pulopela ya mswachi, mabatani aja ndi kagalasi.

"Sininadziwe, ba Daka. Zoona sininadziwe," anatero a Killian, chipewa chili m'manja.

"Si mlandu wanu. Ine ndiye ninafunika kuyesa pa kachidutswa poyamba. Makanika aliyense adziwa zimenezo."

Sanakalipe, sanalire. Anavula ovolosi, anaipinda, n'kulowa m'nyumba. A Febby ndiwo anakulunga zonse m'nyuzipepala ndi kukataya kudzala.

Mwezi wotsatira a Daka anavomera ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Kabulonga, imene kale ankaikana. Ankanyamuka wapansi m'mamawa, chifukwa mabasi anali osadalirika, n'kubwera miyendo itatupa. Moni ankayankha, koma nkhani zinatha. Mu 1987 anagwa akuthirira kapinga, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Tinakawaika ku Leopards Hill. Anthu a mpingo wa Reformed anabwera ambiri ndithu; a kuntchito kwawo kwakale sindinaonepo ndi mmodzi yemwe.

A Febby anasamukira ku Kabwata kwa mwana wawo. Ndinakumana nawo kamodzi kokha, mu basi ya m'tauni, ndipo tinakamba za kusowa kwa mafuta ophikira mpaka iwo anatsika.