Mayi Msaiwale Sanangokhala Kudikira Sitima

Inu amene mwafooka chifukwa zinthu sizikuyenda m'dziko la eni, imvani za mayi Felesta Msaiwale, amene anatisiya chaka chatha kuno ku Perth.

Mu 2006, Lachiwiri lina masana, mayi Msaiwale anali khale pansi m'chipinda mwawo ku Maddington, dera lina la mumzindawu, masutikesi awiri ali yasa pabedi. Anali atatsimikiza zobwerera kwawo ku Ntcheu. Amuna awo, a Overtone, anali nesi m'gulu la asilikali apamadzi a Australia, ndipo sitima yawo ikanyamuka, inkatha theka la chaka isanabwerere. Apa n'kuti itangotha miyezi iwiri panyanja.

M'mawa wa tsikulo kunabwera kalata yoti alakwanso mayeso a Chingerezi, kachitatu. Popanda mayesowo sakanaloledwa kugwira ntchito ya uzamba imene ankagwira kumudzi. Ana awo, Tithokoze ndi Sekani, ukawalankhula Chichewa ankayankha Chingerezi cham'mphuno chimene mayi awo ankangotolapo apo ndi apo. Pakhomo panali galimoto ya bambo, koma mayi sankadziwa ngakhale kuiliza. Kusitolo, kutchalitchi, kusukulu, konseko ankayenda pabasi, atagwira ana padzanja, dzuwa likuswa mtengo.

Madzulo ake a Overtone anaimba foni kuchokera padoko lina lakutali. Mayi anawauza zonse, osabisa kanthu. Bambo atamva anayankha kuti:

"Mayi a Titho, sindingakuletseni. Koma ndipempheko chimodzi. Dikirani ndibwere, tidzatsanzikane maso ndi maso."

Mayi anavomera. Koma sanali munthu woti n'kupinda manja miyezi inayi. Anaganiza kuti ngati n'kubwerera kwawo, asakafike chimanjamanja. Akafikeko ndi laisensi ya galimoto.

Kutchalitchi kunali a Francis, bambo wa ku Zambia woyendetsa basi, amene anadzipereka kuwaphunzitsa Loweruka lililonse. A Francis mpaka lero amati imvi zawo zinayamba chaka chimenecho. Mayi ankagwira chiwongolero ngati akuweta ng'ombe yolusa, ndipo lole ikamabwera kutsogolo ankayamba kupemphera mokweza.

Mayeso oyamba analakwa asanatuluke n'komwe pageti. Achiwiri anazungulira raundabauti katatu kusowa potulukira. Achitatu zonse zinkayenda bwino, mpaka anaona mayi wina wamvano akuyenda m'mbali mwa msewu. Anaimika galimoto, n'kutsitsa galasi, n'kuyamba kufunsa za ana ndi zakunyumba, woyesa mayeso ali pambali kukamwa kuli yasa. A Francis atawadzudzula, mayi anangoti kwathu munthu sumudutsa ngati mtengo.

Kachinayi anakhoza.

Nthawi imeneyo akazi a asilikali a m'sitimamo ankakumana kamodzi pamwezi kumwa tiyi. Mayi Msaiwale ankakhala kumbuyo, osatsegula pakamwa, kuopa kusekedwa Chingerezi. Amene ankakhala nawo pafupi anali Katherine, mtsikana wachizungu wochokera ku Tasmania, yemwe anali ndi pathupi poyamba ndipo analibe wachibale aliyense ku Perth. Awiriwo anapatsana manambala, basi.

Patangotha sabata chikhozereni mayeso, foni inalira m'mawa ana atangopita kusukulu. Anali Katherine, akulira kuti matenda ayamba nthawi isanakwane. Mayi anavala chitenje, n'kutola makiyi. Aka kanali koyamba kulowa mumsewu waukulu okha. Atangomuona mtsikanayo, uzamba wawo wonse unadzuka. Anamugoneka bwino pampando wakumbuyo, n'kumamuuza mopumira njira yonse. Chingerezi chimene chinkathawa pamayeso chinabwera chokha.

Kuchipatala sanachoke mpaka mwana atabadwa, wamkazi, wathanzi. Katherine anawagwira dzanja osafuna kulisiya.

"Ndimaganiza kuti ndidzakhala ndekhandekha," iye anatero.

Mawuwo anawalowa mayi mumtima. Miyezi yonseyi ankaona ngati osungulumwa mumzinda wonse anali iwo okha. Pobwerera kunyumba anayamba kuwerenga pamtima akazi ena amene amuna awo anali m'sitima yomweyo, ndiponso Amalawi ongofika kumene amene ankawaona ataima pasiteji ya basi ngati osochera.

Tsiku lofika sitima, a Overtone anatsika chikwama chili paphewa, akuganiza zokwera basi. Anamva hutala ikulira mosalekeza. Pocheuka anaona galimoto yawo, mayi ali pachiwongolero, ana akugwedeza manja kumbuyo. Anaseka mpaka misozi. Ali m'njira anafunsa mwamantha za ulendo wa ku Ntcheu.

"Ndilibe nthawi, bambo a Titho. Lachinayi ndikukalandira anesi awiri kubwalo la ndege."

Ndi mmene zinayambira, ndipo zinapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mmalawi akamatera ku Perth, nkhope yoyamba kuiona inali ya mayi Msaiwale. Ankamugoneka kwawo, kumuphunzitsa kukwera sitima yapamtunda yopita ku Murdoch, kumene kuli chipatala ndi yunivesite, kumusonyeza sitolo yopezekako ufa ndi usipa, kenako n'kumukokera kukwaya kaya amadziwa kuimba kaya ayi. Sitima yankhondo ikanyamuka, ankayendera makomo a akazi otsala, azungu ndi akuda omwe, atanyamula mandasi m'beseni. Lachitatu lililonse ankapita kuchipatala chachikulu ku Nedlands kukacheza ndi odwala opanda owazonda. Ena ankangofuna munthu wowapesa tsitsi.

Mayeso a Chingerezi aja anawalembanso kachinayi, n'kulakwanso. Ulendo uno anaseka, n'kunena kuti ntchito aipeza kale, kungoti ilibe yunifolomu.

Si kuti zonse zinali zokoma. A Overtone anaphonya makhirisimasi asanu ndi awiri. Sekani atathyoka mwendo pampira, Tithokoze atavuta paunamwali wake, mayi analimbana nazo okha. Koma sanalole kuti ana aiwale bambo awo. Lamlungu lililonse ankawakhazika patebulo kuti alembe kalata ya kusitima, ndipo mzere woyamba unkayenera kukhala wa Chichewa, ngakhale chokhotakhota. Lero Tithokoze ndi nesi, Sekani ndi mphunzitsi.

A Overtone atapuma pantchito ankayembekezera kuti tsopano akhala pansi ndi mkazi wawo. Anapeza kuti wosowa pakhomo ndi mayi. Ankadandaula moseka kuti kale odikira anali mayi, lero odikira ndi iwo.

Chaka chatha madokotala anawapeza mayi ndi khansa, itafalikira kale. Anagonekedwa m'chipatala chomwe chija ankazondako ena. Anthu ankabwera ndi nkhope zakugwa, koma ankatuluka atapatsidwa ntchito. Mayi anali ndi kope pamtsamiro, ndipo aliyense wolowa ankamulemba dzina ndi tsiku lake. Katherine anamusiyira akazi a asilikali. Amayi amvano anawagawira odwala a Lachitatu. A Francis anawauza kuti apitirize kuphunzitsa galimoto, poti ngati anatha kuphunzitsa iwo, palibe angawakanike.

A Overtone anaonerera zonsezi, kenako anafunsa kuti nanga iwo bwanji sanalembedwe.

"Inu ndakusungirani bwalo la ndege. Munazolowera kulandiridwa. Tsopano mukalandireko anzanu."

Anamwalira patapita masabata awiri, ali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Pamaliro tchalitchi chinachepa. Kumbuyo kunaima asilikali apamadzi atavala zoyera mbee, akuyesetsa kutsatira nyimbo za Chichewa papepala, mawu akuwapota lilime, mpaka anamfedwa anamwetulira.

Lero mukafika pabwalo la ndege ku Perth, mungaone bambo wamtali waimvi ataima chilili ngati ali paperete, atanyamula chikwangwani cholembedwa dzina la munthu amene sanamuonepo. Ndi a Overtone. Mwezi watha analandira mtsikana wa ku Mzimba wobwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mtsikanayo atangomva moni wa kwawo anagwetsa chikwama n'kuyamba kulira. Bambowo anatola chikwamacho, n'kumuuza kuti alire ndithu, koma afulumireko, chifukwa kunyumba amayi amvano akumudikira ndi tiyi.

Abale anga, mwina nanunso khomo limene mwakhala mukugogoda lakana kutseguka. Musafulumire kunena kuti zanu zatha. Yang'anani pafupi nanu, alipo wina amene akusowa chimene inu muli nacho. Dzukani, mupite kwa iyeyo, ndipo mtima wanu musautaye.