Chinjoka cha a Manase Chilibe Mapazi

Ine ndi a Manase Mbewe tagawana khonde limodzi pa msika wa pa boma ku Chadiza kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mbali yanga kuli makina osokera, mbali yawo kuli zitini za penti ndi maburashi othothoka. Choncho ndikamanena za iwo musanditenge ngati wamiseche. Ndikunena zimene ndaona ndi maso angawa, mutu ukundiwawa ndi fungo la penti yawo.

A Manase ndi wojambula zikwangwani. Mitu yometedwa bwino ya pa makoma a nyumba zometera ndi yawo, nkhuku ya pa malo odyera a amai a Melody ndi yawo, ng'ombe ya pa butchala ndi yawonso. Anabadwira m'banja la chalichi, agogo awo ndiwo ankaimba belu pa mishoni, ndipo iwo eni amaimba besi m'kwaya. Luso ali nalo, zimenezo sindikana. Koma ali ndi chilema chimodzi chimene msika wonse umachidziwa: satha kujambula mapazi. Nkhuku yawo iliyonse imaima m'udzu wautali. Ng'ombe ya pa butchala ili m'madzi mpaka m'mawondo. Mukawafunsa amakuyang'anani ngati mwawatukwana, n'kuti, "Nanga ng'ombe siimwa madzi?"

Chimene chinkawadya mumtima ndi dzina. Pansi pa chithunzi chilichonse amalemba bwinobwino kuti M. Mbewe, Chadiza. Koma zaka zino makampani a mafoni amapaka makoma a masitolo mwaulere, ndipo mitu ya a Manase yakhala ikukwiriridwa umodziumodzi pamodzi ndi dzinalo. Amene akufuna chikwangwani chatsopano amangokasindikizitsa ku Chipata.

"A Tionge," anandiuza tsiku lina akupukuta burashi, "ine ndikadzafa anthu adzafunsa kuti bambo uja ankachita chiyani pa khonde paja. Khoma silisunga munthu."

Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinawayankha kuti asadandaule, ng'ombe yam'madzi ija palibe angayerekeze kuifufuta.

Ndiye kunabwera a Maybin, mwini wake wa minibasi yoyera imene imapita ku Chipata tsiku ndi tsiku. Ankafuna chithunzi pa chitseko cha kumbuyo, chakuti oyendetsa anzawo azichiona akamawasiya m'fumbi. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa a Manase chinthu chobiriwira, chamapiko, cholavula moto.

"Amalume, ichi amati dilagoni. Ndikufuna chotere. Dzina lanu mulembe lalikulu, lizikafika ku Chipata."

Mawu omalizawo anawalowa a Manase mpaka m'mafupa. Khoma limakhala pamodzi, koma minibasi imayenda. Munthu wanzeru akanangokopera chimene chinali pa fonicho n'kulemba dzina lake. Koma a Manase ndi mlimi asanakhale wojambula, ndipo nyama iliyonse amaiona ngati akufuna kuigula. Anavala magalasi, nayamba kuitola zifukwa.

"Timapiko iti tinganyamule chimimba chonsechi? Ngakhale bakha angaseke. Nanga chimadya chiyani? Ndiye moto uwu, a Maybin, mwezi wa Okutobala chitangoyetsemula kamodzi ku Mlolo, nkhokwe zonse si phulusa? Amene anajambula ichi sanawetepo ngakhale mbira."

A Maybin anaseka n'kunena kuti apange chawo, bola chikhale choopsa.

Sabata yonse khonde lathu linasanduka bwalo la milandu. A Manase ankajambula pa makatoni a sopo n'kuwatsamiritsa pa chipupa, ndipo aliyense wodutsa ankaima n'kuweruza. Anthu a ku Chadiza atha kukhala osadziwa kumene dilagoni amakhala, koma kupeza cholakwika sasowa. Amai ogulitsa tomato anati choyamba chija chinali buluzi wotupa. Wogulitsa makala anati chachiwiri chafanana ndi apongozi ake. Ine ndinangonenapo kuti mchira wachepa nsalu, iwo anandiuza kuti ndisamale za mabatani anga.

Komabe ankamva. Chilichonse chimene anthu anena ankachikana masana, m'mawa mwake n'kupezeka achikonza. Pofika Lachisanu, mtundu watsopano wa chinjoka unali utabadwa, ndipo a Manase ankaufotokoza ngati anauweta kuyambira uli dzira. Chimakhala m'mapiri a kumalire, chimadya inswa ndi maungu, ndipo chimaswa kamodzi pa zaka zitatu. Moto sichilavula, chimangofuka utsi pang'ono ngati mbaula, wokwanira kuthamangitsa anankafumbwe m'nkhokwe. Mapiko anachichotsa, chifukwa anati chinthu cholemera chotero chiziyenda pansi ngati tonsefe. M'malo mwake anachipatsa nyanga ziwiri zazitali za ntchefu.

Zinatsala ziwiri, ndipo ndi zimene zinawapha. Choyamba, chitseko cha minibasi chili ndi galasi pakati, ndiye thupi linayenera kupinda msana kuti lidutse pansi pa galasilo, mutu m'mwamba mbali iyi, mchira m'mwamba mbali inayo. Chachiwiri ndi mapazi aja. Udzu sukanatheka pa chitseko cha galimoto, madzinso ayi. A Manase anaganiza tsiku lathunthu, kenaka anachiveka ubweya wautali wotuwa ngati makoko a chimanga, wolendewera mpaka pansi. Anandiuza monyadira kuti ndi wotchinjiriza njoka.

Loweruka anajambula pa minibasi penipeni, itaima kutsogolo kwa khonde lathu. Ndinene zoona, chinatuluka bwino. Chinali chinthu chokongola kuposa zonse zimene manja amenewo anapangapo, ndipo ine ndinasiya kupalasa makina n'kumangochiyang'ana. Koma ndinaonanso kuti anthu sakuweruzanso. Amai ena a ku Pembamoyo atafika pafupi anawerama pang'ono n'kudutsa cham'mbali. Wina anaponya kandalama pansi.

A Manase sanaone kanthu. Anasankha burashi yaing'ono, naiviika mu penti yakuda, nagwada kuti alembe dzina. Apo ndi pamene dzanja lina linagwira mkono wawo. Anali a Zangaphee, bambo wa ku Mlolo amene amagulitsa fodya wopota pa msika, munthu wosayankhulayankhula, amene aliyense amadziwa kuti za gule ndiye kwawo.

"A Mbewe, mufuna kulemba chiyani pamenepo?"

"Dzina langa. Nanga si ndine ndapanga?"

A Zangaphee anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Musabwerezenso mawu amenewo pali azimai. Nyanga izi, msana uwu, makoko awa osaonetsa mapazi. Ichi ndi chilombo, a Mbewe. Mwajambula kasiyamaliro."

"Iyayi! Ichi ndi dilagoni wa ku Chadiza. Chimadya maungu."

"Chidye chimene chingadye. Chilombo sichipangidwa ndi munthu. Chimachita kuwedzedwa kumadzi, ngakhale mwana amadziwa. Inu mukalembe kuti ndapanga ndine, dzina ndi adiresi, chizizungulira mpaka ku Chipata? Mbuzi zake muli nazo zolipira mlandu umenewo?"

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo a Manase. Munthu woleredwa pa mishoni, akamva ng'oma za gule amakhota njira, ndipo chilombo chikamadutsa amayang'ana kumbali monga anamuphunzitsira amake. Zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu anali asanachiyang'anepo bwinobwino. Anachipeza okha mosadziwa, chifukwa cha galasi la minibasi ndi kulephera mapazi.

Akanatha kulimbana ndi a Zangaphee, koma nkhani pa msika ilibe mabuleki. Pasanathe theka la ola anatulukira akazi awo a Manase, a Jenipher, atavala bulauzi yoyera ya chigwirizano, akuchokera ku msonkhano wa amai a mpingo. Anachiyang'ana chithunzicho kuyambira ku nyanga mpaka ku mchira.

"Atate ake Precious, ichi n'chiyani?"

"Ndi chinjoka chabe, amake mwana."

"Chinjoka! Chomwe chija abusa amatichenjeza Sabata ndi Sabata?"

"Si chimenecho. Awa akuti ndi chilombo."

"Ndiye mwati mundikhazike mtima pansi ndi mawu amenewo? Tamverani. Dzina limenelo si lanu nokha, inenso ndimaitanidwa nalo ku chigwirizano. Mukalilemba pansi pa chinthu ichi, mukafotokoze nokha kwa akulu a mpingo."

A Manase anagwira njakata, burashi ili m'manja, penti ikudontha pa nsapato. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msika wathu, a gule ndi a chalichi anagwirizana chinthu chimodzi. A Maybin okha ndiwo ankangomwetulira, chifukwa anaona kale kuti palibe woyendetsa njinga amene adzayerekeze kutsekereza minibasi yawo. Inachoka yopanda dzina.

Patapita masabata awiri ndinakwera minibasi yomweyo kukagula nsalu ku Chipata. A Manase ndi akazi awo analimonso, ankapita kukaona mwana wawo. Titatsika pa siteji, tinapeza bambo wina wa suti ataima kumbuyo kwa galimoto, manja m'chiuno. Anati ali ndi masitolo atatu ndi malo ogona alendo, ndipo watopa ndi zikwangwani zosindikiza zimene zimasuluka mvula imodzi.

"Amene anajambula ichi ndikumufuna," anatero. "Ndani?"

A Manase anali pomwepo, penti yakuda ikuonekabe m'zikhadabo. Ndinaona kukamwa kwawo kukutseguka. Kumanja kwawo kunali a Jenipher, maso ali pa iwo. Kumanzere kunali a Aleck, kondakitala wa imvi za m'ndevu, mphwake wa a Zangaphee, amene anayankha asanafunsidwe kawiri.

"Palibe anajambula, bwana. Tinachita kuwedza ku mtsinje wa Nsadzu."

Bamboyo anaseka, poyesa nthabwala za makondakitala. Anayang'ananso chithunzicho, napendeketsa mutu.

"Chabwino, bisani. Komabe analakwitsa pang'ono. Khosi ili latalika, silingathe kunyamula nyanga zolemera chonchi."

Kumanidwa dzina a Manase anapirira, koma izi zinawakanika.

"Khosi lili bwinobwino!" anakalipa ndi besi yonse ya m'kwaya. "Simukuona mnofu uwu ukuchokera pa phewa? Nyangazo n'zamphako m'kati, sizilemera. Mumayesa chingakumbe bwanji inswa pa chulu ndi khosi lalifupi?"

Siteji yonse inatembenuka. Bambo uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamadontho.

"Nanga inu, mdala, mukuzidziwa bwanji zonsezi?"

A Manase anayang'ana akazi awo. Anayang'ana a Aleck. Kenaka anayang'ana chinjoka chawo nthawi yaitali, ndipo ine amene ndinabwera wokonzeka kuseka ndinamva misozi ikundiyabwa.

"Ndinalipo pochiwedza," anatero a Manase.

A Aleck anagwedeza mutu mwaulemu ngati alandira munthu watsopano ku dambwe. A Jenipher anagwira pakamwa, chifukwa mwamuna wawo, mdzukulu wa woimba belu, anali atangovomera pagulu kuti amapita kokawedza zilombo. Bambo wa suti anagwedeza mapewa n'kulowa m'galimoto yake, akadali kufunafuna wojambula.