Khola limodzi, zipinda ziwiri

Lolemba kompyuta yanga inayamba kulira ngati nkhuku yofuna kuikira: ke-ke-ke! Kenako zii. Ndinaizimitsa, ndinaiyatsanso, ndinaimenya pambali monga timachitira ndi wailesi. Osadzuka.

M'kati mwake munali zithunzi zonse za malemu bambo anga. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chawo, ndipo pamsonkhano wa banja ndine ndinadziguguda pachifuwa kuti chithunzi choika pamwalapo ndibweretsa ine. Za papepala zija ndinazilowetsa m'kompyuta chaka chatha, zenizenizo n'kuziponya m'katoni, chiswe n'kuchita nazo phwando.

Komabe mantha sanandigwire nthawi yaitali. Ine si munthu wamba, abale. Ndinali ndi bakapu, kope lachiwiri la zonse.

Bakapuyo anandikonzera ndi a Jailosi, okonza makompyuta pa Mitundu. Anatenga hadi disiki, kachitsulo kosunga zonse m'mimba mwa kompyuta, n'kuigawa zipinda ziwiri, C ndi D. Chilichonse choika mu C ndinkachikoperanso mu D. Loweruka lililonse ndinkachita zimenezi mokhulupirika, kuposa mmene ndimapitira ku mapemphero a m'mudzi.

Choncho ndinakulunga kompyutayo m'chitenje cha mayi a kunyumba, n'kukwera nayo njinga yamoto kuchoka pa Nathenje, nditaifungata pamiyendo. Panjira mayi wina ataona mmene ndaigwirira anafuula kuti, "Pepani bambo, fulumirani naye kuchipatala!" Ndinayankha kuti zikomo. Ndikanatinso chiyani?

A Jailosi anaitsegula, anaika khutu, anapukusa mutu.

"Achimwene, hadi disiki yatisiya."

"Palibe kanthu," ndinatero ndikumwetulira. "Tsegulani chipinda D."

A Jailosi anandifunsa kuti, "Achimwene, D ali kuti?"

"M'menemo."

"Nanga C?"

"M'menemonso."

"Ndiye nyumba ikapsa, chipinda chogona chimatsala chifukwa munaikapo katani?"

Ndinakwiya zedi. Ndinawakumbutsa kuti khoma logawa zipindazo anamanga ndi iwo. Iwo anati khomalo limathandiza ngati mapulogalamu a mu C asokonekera, muwachotse D osakhudzidwa, koma chitsulo chikafa chimafa chonse. Akuti anandiuza tsiku lomwelo kuti ndigule hadi disiki ina yapadera yosunga kwina, ine n'kuyankha kuti, "Zimenezo ndikuzidziwa." Mawu amenewo ndi anga ndithu, ndimawanena kawirikawiri. Safunsa anadya phula.

Pobwerera m'pamene ndinakumbukira mbuzi za bambo.

Bambo sanaphunzire kupitirira Sitandade 3, koma mbuzi zawo sizinkagona khola limodzi. Ziwiri anakaikiza kwa alongo awo, azakhali anga a Nabanda, ku Malingunde. Imodzi inali kwa mnzawo kutsidya kwa mtsinje. Ine, mwana wa sukulu, ndinkawaseka: mbuzi yanu yomwe mpaka kukwera njinga kuti mukaione? Iwo ankangoti, "Matenda akalowa m'khola safunsa kuti iyi ndi ya ndani."

Nanga ife ophunzirafe tikuchita chiyani? Satifiketi ya sukulu, fotokope yake, ndi fotokope ya fotokopeyo, zonse mu envulopu imodzi pansi pa matiresi amodzi. Kiyi wapadera wa nyumba tamumangirira pa mphete yomweyo ya kiyi weniweni. Manambala a abale tawalemba m'foni, ndipo kuti tisawataye tawajambula chithunzi ndi foni yomweyo. Mbewu yodzala ndi chimanga chodya zili m'chipinda chimodzi, pakati taikapo mkeka kuti anankafumbwe aone malire. Kodi nankafumbwe anayamba liti kulemekeza mkeka?

Tikatero timagona tulo tabwino, tikuti tasamala.

Lachitatu ndinapita ku Malingunde, mutu uli pansi. Azakhali a Nabanda si munthu woti ukamuuze kulephera kwako. Anandisiya ndilongosole mpaka kumapeto, akusenda mtedza.

"Ndiye mlongo wanga munamutsekera m'zipinda ziwiri, zonse n'kugwa?"

"Eya, azakhali."

"Sukulu yonse ija?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi buku la nyimbo. Pakati pake panali chithunzi chimodzi, chofiirira ndi ukalamba. Bambo anajambulitsa tsiku limene anabweretsa mbuzi zija, n'kuchisiya komweko kuti pasadzakhale mkangano wa mbuzi yake ndi iti. Aima chilili, jekete lawo la ku tchalitchi lija, akumwetulira. Mbuzi imodzi aikumbatira pachifuwa, mutu wake wagunda tsaya lawo.

Ndinalira, osabisa. Nkhope imeneyo ndinali nditayamba kuiiwala.

Wokonza mwala wayesa kuidula mbuziyo pachithunzipo, koma akuti ikachoka ichoka ndi khutu la bambo. Banja lakambirana, lagwirizana: apita pamwala onse awiri.

Chithunzicho azakhali anakana kuti chigone kwanga. Ndinachijambulitsa, iwo ataima pomwepo, ndipo anachibwezera m'buku mwawo. Tsopano china chili kwa mchemwali wanga ku Lilongwe, china kwa a Jailosi, china kwa ine.

Mukadzadutsa kumanda a kwathu n'kuona mwamuna ali ndi mbuzi pachiliza, musaseke kwambiri. Pitani kunyumba mukasuzumire pansi pa matiresi. Zanu zija, mwaikiza kwa yani?