Mawu a bambo anga anali pa drive D

Anzanga, ine ndi Domingo tinayamba kukangana tisanaonane ndi nkhope yomwe.

Chinali chaka cha 2007. Ndinkagwira ntchito pa internet cafe ina ku Gweru, kugona kwa azakhali ku Mambo. M'mashopu munali mbee, magetsi ankabwera ngati mlendo, koma ife tinali ndi forum yathu pa intaneti pomwe tinkamenyana za makompyuta. Ena a Windows, ena a Linux. Ine ndinali wa Windows XP wosatembenuka.

Ndiye panali wina wodzitcha Penguin_Munyati. Mwano wake! Chilichonse ndingalembe, iye n'kutsutsa. Ankati Windows ndi khola la mavairasi. Ine ndinkamufunsa ngati Linux yakeyo ingadzutse printer ya pa cafe pathu.

Tinkalemba Chingerezi ndi Chishona. Tsiku lina nditamupanikiza, anangoyankha kuti, "Chabwino achemwali, mwawina."

Ndinayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Uyu ndi wakwathu.

Loweruka lotsatira pa cafe panabwera mnyamata wamtali, atanyamula CD yokulunga mu nyuzipepala.

"Ndiwe here Leti_XP?"

"Ndine. Iwe ndiwe wamwano uja?"

"Ndakubweretsera mankhwala," anatero akundipatsa CD ya Linux.

Dzina lake lenileni linali Domingo. Agogo ake anachokera ku Tete, bambo ake ankagwira ku power station ku Munyati. Chichewa chake chinali chotsimphina, theka lake Chishona, koma chinkandikomera kumva.

Masiku amenewo ndimawasowa, sindinama. Makombi, maminibasi athu aja, anali osakwereka, ndiye tinkayenda wapansi kuchokera m'tauni mpaka ku Mambo, tikutafuna maputi, chimanga chokazinga chija, tikukangana za Firefox ndi Internet Explorer. Njala inalipo koma sindikuikumbukira. Ndimakumbukira kuseka.

Kunyumba ndinali ndi kompyuta yakale ya Pentium 3 imene bambo anga, a Matiyasi, anaigula ku mgodi wa chrome ku Shurugwi, ofesi itaitaya. Pa drive D panali chuma changa chonse. Asanamwalire ndinawajambula mawu, mphindi makumi anayi, akutchula mudzi wawo ku Ntcheu, mayina a alongo awo, ndi potsikira basi. Anati, "Ukadzapita, ukafunse amenewa."

Sindinalembe papepala. Ndikangomva mawu awo misozi inkayamba, ndiye ndinkati ndidzalemba mtima ukakhala pansi. Flash ndinalibe, ndipo ya pa cafe inali yodzaza mavairasi.

Domingo zonsezi ankazidziwa. Tinamvetsera limodzi kamodzi, iye atavula kapusi.

Koma kompyuta ija inkamuyabwa.

"Leti, ndilole ndiike Linux pambali chete. D sindikhudza."

"Ayi."

"Haundivimbe here?"

"Ndimakukhulupirira, koma ayi."

Nditapita ku Shurugwi kukapereka ufa kwa amayi, iye anafika kunyumba n'kuuza azakhali kuti ndamutuma kudzachotsa mavairasi. Azakhali anamutsegulira, poti anali atamuzolowera.

Nditabwerako, kompyuta sinayake. Iye anali pomwepo, nkhope ili pansi.

"Ndangoyatsa, hard drive yafa yokha. Yakura iyi, Leti."

Ndinalira ngati maliro ayambiranso. Iye anandigwira, kundipukuta misozi, kutenga hard drive ija kuzungulira nayo Gweru yense. Palibe anabweza kanthu. Mumtima ndinkati, koma mwamuna uyu ndi wachifundo.

Patapita masabata atatu, pa forum panabuka mkangano wina. Munthu wina analemba kuti Linux imawononga ma file a anthu poiika. Ndili pa ntchito, kasitomala akudikira printout, ndinaona yankho la Penguin_Munyati:

"Zinandichitikirapo. Ndinkaika Linux pa machine ya mtsikana wina, magetsi anathima ndili pakati pogawa disk, zonse zinapita. Koma vuto si Linux. Munthu wosasunga backup wadzipweteka yekha."

Pansi pake anzake akuwomba m'manja kuti wanena zoona. "Wataura chokwadi, mdhara."

Mtsikana wina... ine.

Madzulo ake anabwera kudzanditenga ngati masiku onse. Ndinangotembenuza monitor kuti awerenge yekha.

"Leti, ndaida... ndinkangofuna kuwaonetsa point..."

"Unati yafa yokha."

"Ndinaopa."

"Kundiuza ine unaopa, koma kuuza forum yonse sunaope?"

Ine ndinapitiriza.

"Unawamva bambo anga, Domingo. Unavula kapusi."

"Ndinkafuna uone kuti ndi yabwino. Ukanaikonda."

Apo ndinadziwa kuti zatha. Akanabwera tsiku lomwelo n'kunena kuti ndalakwa, magetsi andithimira, mwina bwenzi pano tili pabanja. Magetsi ankathimira aliyense. Koma anandisiya ndilire paphewa pake akudziwa chimene anachita, kenako n'kutenga misozi yanga kukawinira mkangano.

Tsiku limenelo ndinapita ku Mambo ndekha. Njira ija ndi yaitali, anzanga.

Chaka chotsatira anawoloka kupita ku Joni ngati ena onse. Forum ija inafa kalekale. Chopweteka china n'chakuti pano ndimagwira ntchito ndi Linux tsiku lililonse, ndipo ndi yabwinodi. Za backup nazonso sananame.

Amayi anabadwira ku Shurugwi, ku Malawi sanapondeko. Nditawafunsa anangokumbukira dzina limodzi, Enala, mlongo wamkulu wa bambo. Mudzi anaiwala.

Ndiye musamangoona mmene munthu akukutonthozerani. Muzionanso ngati angathe kunena kuti "ndine ndalakwa" pamene palibe womuwombera m'manja.

Sabata yatha mwana wanga anapatsidwa homuweki yolemba kumene makolo ake anachokera.

"Mhamha, kumusha kwasekuru ndekupi?"

"Ku Ntcheu, mwanangu."

"Mudzi wanji?"

Pensulo ili m'manja, akundidikira. Ndinamuuza kuti mzere umenewo ausiye.