Galu Wathu Adzatopa ndi Thadzi Lotchedwa Dona

Mundikhululukire, anzanga, polimba mtima kulemba nawo, ine amene sukulu yanga inali ya kumudzi, ya masileti ndi mipando yadothi. Ndilibe nkhani zazikulu. Ndili ndi ya galu ndi nkhuku basi, ndipo mukapeza polakwika musandiseke kwambiri.

Ndikukumbukira tikukhala m'malaini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene makolo anga anafikira atachoka kwa Apwitikizi. Nyumba zinali zothithikana, moti woyetsemula m'nyumba ino ankadzutsa mwana wa nyumba inayo. Khomo lililonse linali ndi nkhuku, ndipo galu wogwira nkhuku ya mnansi sankaliona dzuwa likulowa. N'chifukwa chake nditatola kagalu kofiira m'ngalande, m'mawa wina wa chiperoni, amayi anakana.

"Pano pali anapiye anga, Petulo. Kabweze komwe wakatola."

Koma ababa, amene ankadzitama kuti amadziwa mankhwala a chilichonse, anati kwathu kuseri kwa phiri galu amaphunzitsidwa akali mwana. Amamuvundikira m'dengu limodzi ndi thadzi la anapiye, limujomphe mpaka adziwe kuti nkhuku si ndiwo. Dzina anamupatsa okha: Adzatopa, pogenda anansi amene ankakonda kutinena.

Tsoka lake, thadzi lathu linali Dona. Tinkalitchula choncho chifukwa linkayenda mosankha popondapo, khosi lili m'mwamba, ngati mkazi wa bwana akamayendera maluwa ake. Linali loyera, lonenepa, ndipo ngakhale tambala ankalipatsa njira.

Ababa anati mwambowu ndi wa kanthawi, kongokwanira kusuta fodya kamodzi. Anavundikira kagalu ndi Dona m'dengu n'kundilamula kuti ndisalikhudze mpaka iwo atanena. Nthawi yomweyo chitsulo cha ntchito chinalira, iwo n'kuthamangira kumunda wa tiyi. Amayi anali kumtsinje. Ine ndinali mwana womvera. Ndinakhala pakhonde manja ali m'khwapa, n'kumaonerera dengu likuyenda lokha pabwalo, likulira mawu awiri, nthenga ndi ubweya zikutuluka m'mipata. Linapita mpaka pamtondo, linabwerera, linakagunda mtsuko. Ababa anabwera dzuwa lili paliwombo.

Mankhwalawo anagwira mopitirira muyeso. Adzatopa anakula n'kukhala chigalu chachifuwa ngati mwana wa ng'ombe, koma akaona kamwanapiye panjira ankalambalala kudzera m'chire. Dona nayenso sanaiwale. Akangomuona, ankatukumula nthenga, mapiko pansi, liwiro. Mkute ndikamuikira galu, woyamba kudya anali Dona, mwini wake ali chapatali, akumeza malovu mwaulemu. Tsiku lina mphamba anatsika n'kutenga mwanapiye pamaso pathu, mlonda wathu ali pansi pa thandala la mbale, kubisalira thadzi.

Anthu a m'malaini anatiseka mpaka ababa anasiya kukhala nawo pabawo. Madzulo ena anayankhula atayang'ana kumbali.

"Galu wodya osagwira ntchito sindimufuna. Malume ako akubwera Loweruka kuchokera ku Thekerani. Amutenge, akamupatse alenje."

Ndinadziwa zimene alenje amachita ndi galu wamantha, ndipo mtima unandiwawa. Sabata yonseyo ndinayesa kumuphunzitsa kulimba mtima. Ndinkamutengera kuseri kwa nyumba, n'kugwada pamaso pa tambala, n'kumauwa ndekha kuti aonere. Adzatopa ankangogwedeza mchira, kukondwa kuti ndayamba kuyankhula chinenero chake. Tambala ndiye anandijompha pamphuno.

Kumunsi kwa malaini kunali nazale, kumene ankafesa mbande za tiyi pansi pa timisasa taudzu tatifupi. Dothi lake linali lofewa, lakuda, lonunkhira manyowa, lodzaza nyongolotsi. Lamulo linali lakuti nkhuku yogwidwira m'menemo ndi ndiwo za a kapitawo, woyang'anira antchito, ndipo mwana wopondamo ndi wa chikoti. Lachisanu masana ndinasowa nkhuku pakhomo. Ndinakazipeza zonse m'nazale, Dona akutsogolera, zikupalasa dothi ngati zalembedwa ganyu.

Ndinaima pampanda n'kumaitana, "Kiri-kiri-kiri!" Palibe inadzutsa mutu. Kulowa ndinkaopa, kugenda ndinkaopa kuthyola mbande. Ndili chomwecho ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

"Iwe mwana wa Yakobe, nkhukuzi n'zanu?"

"Eya, bambo."

"Zinali zanu," anatero a kapitawo, akupinda malaya. "Akazi anga atopa ndi nkhwani."

Analowa chowerama pansi pa timisasa, akuponda mosamala ngati oyenda pa mazira, manja ali chitambasulire. Pamenepo n'kuti Adzatopa, amene ankandisaka, atafika. Analowetsa mutu pampata wa mpanda kuti aone chimene ndikuyang'ana, ndipo maso ake anakumana ndi a Dona.

Dona anataya nyongolotsi yomwe inali kukamwa. Anadutsa pakati pa miyendo ya a kapitawo ngati mphepo, nkhuku zonse zikumutsata pambuyo monga mwa nthawi zonse. A kapitawo podzidzimuka anaweramuka, n'kunyamula kamsasa konse pamutu. Galu anali atatembenuka kale. Anakwera msewu wofiira wa pakati pa tiyi, mchira uli m'mimba, akulira ngati wapsa, Dona pambuyo, tambala pambuyo pa Dona, misoti ndi anapiye pambuyo pa tambala, ine kumapeto. Amayi othyola tiyi anaima, madengu ali kumsana, n'kuyamba nthungululu. Adzatopa sanakhotere kwina kulikonse. Ankadziwa malo amodzi okha otetezeka padziko lapansi, pansi pa thandala la amayi.

A kapitawo anafika pakhomo ali wefuwefu, udzu uli m'tsitsi, n'kupeza nkhuku zikutolatola pabwalo pawo, ababa akusamba m'manja.

"Takulandirani, a kapitawo. Kwagwanji?"

Iwo anayang'ana nkhuku, anayang'ana mchira womwe unkaonekera pansi pa thandala. M'manja munalibe ngakhale nthenga yoti n'kuonetsa. Anayesa kukwiya, koma phwete linawatulukira m'mphuno.

"Yakobe, galu woweta nkhuku chothawa ndamuona lero. Anaphunzira sukulu iti?"

"Ndinamuphunzitsa ndekha," anatero ababa, osaphethira n'komwe. "Ndi nzeru za kwathu."

Loweruka malume anabwerera ku Thekerani ndi phava la nthochi lokha. Kuyambira pamenepo, nkhuku zikasochera amayi ankangoti, "Petulo, tenga galu ukaitane nkhuku." Ine ndinkamutsogolera mpaka pamene Dona angamuone, zotsalazo ankamaliza okha. Mkute wake ndinayamba kumupatsira m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Masiku ano nazale anaitchinga ndi waya, agalu saloledwanso m'malaini, ndipo ana a alongo anga amayesa ndikunama ndikamafotokoza. Koma ndinaona ndi maso anga mpaka mapeto ake. Dona atakalamba n'kuleka kuikira, amayi anamuphera alendo pa Khirisimasi, ndipo mutu wake ndinauika patsogolo pa Adzatopa. Anauzungulira chapatali, anagona pansi n'kumauyang'anitsitsa mpaka tinamaliza kudya. Atatsimikiza kuti diso la Dona silitsegukanso, anaimirira, anatukumula chifuwa, n'kuuwa nkhuku koyamba m'moyo wake. Kenako anakaudyera pansi pa thandala, poopa kuti mwina Dona angasinthe maganizo.

Nkhondo ya awiriwa inatha Lachitatu, pa 25 Disembala, 1929.