Mabuku a Lusiya Pansi pa Khola

Ndinaganiza zothawa tsiku lomwe anthu amfuti anatentha sukulu ya kufupi ndi kwathu ku Furankungo, n'kuyamba kufunsa nyumba za aphunzitsi, apurofesora. Ine sindinali purofesora. Ndinkangosamala kachipinda ka mabuku ka biblioteka ndi kuwerengera ana Loweruka. Koma mfuti imadziwa kusiyanitsa? Mwana wanga Lusiya anali atangodwala chikuku, sakanatha kuyenda m'tchire. Ndinakamusiya kwa akulu anga, mana Rozita, ku Ntengo-Wambalame, ine n'kuwolokera ku Malawi ndi kamtolo kumutu.

Ku kampu ya othawa nkhondo anandilemba ntchito ya mabuku a ana, ndipo maphunziro ake, makurso, ndiye osati masewera. Anatiphunzitsa kuyala mabuku pamphasa kuti mwana adzitengere yekha, kusoka buku long'ambika ndi ulusi wa thumba, kuwerenga mosintha mawu kuti wogona adzuke. Mayi wina wophunzitsa ankakonda kunena kuti, “Mwana aliyense azigona ndi buku kumutu.” Ndinkawomba m'manja, mtima ukuwawa. Ana a eni ankandikwera pamiyendo, wanga ali kutali, ndipo ndikafika kumsasa ndinkalira ndekha.

Timakwacha tanga tinkathera sopo, mchere ndi mabuku a zithunzi. Ndinkapatsira amalonda a mbatatesi odutsa malire panjinga. Pobwera ankati, “Sopo wafika, mchere wafika, mwana wakula.”

“Nanga mabuku?”

“Akuti akusungidwa bwino.”

Ine chitsiru n'kumasangalala, ndikuganiza kuti Lusiya akuwerengera anzake pakhonde!

Mfuti zitayamba kuchepa ndinabwerera, satifiketi m'chikwama. Ndinapeza Lusiya atandifika m'mapewa. Titatha kulira ndinati, “Mana, tulutsani mabuku aja, mwanayu andiwerengere.” Mana anatenga khasu. Khasu! Anakakumba pansi pa khola la mbuzi n'kutulutsa thumba lonyowa. Mkati munali phala la mapepala ndi chiswe.

“Mana, mwandichita chiyani? Zaka zonsezi ndimadzimana ndiwo kuti mbuzi zizikodzera?”

“Usandikalipire m'nyumba mwanga, iwe,” anatero osakweza mawu. “Unali kutsidya ukuwomba m'manja. Kuno amfuti akapeza buku m'nyumba amati muli munthu wa boma. Apongozi a Fernando wa nyumba iyo anawagwira chifukwa cha kalendala chabe, mpaka lero sanabwere. Njinga ikafika ndi katundu wako ndinkathamangira kukakumba kukhola. Unkafuna ndikusungire mabuku kapena mwana?”

Mkwiyo wanga sunathe ndipo mpaka pano sunathe. Sindikwiyira mana. Ndikwiyira amuna akuluakulu ndevu pepeya amene anaona mdani m'buku la kamwana kotunga madzi. Ndikwiyiranso makurso aja: anandiphunzitsa kusoka buku, palibe anandiuza chochita ndi mudzi wonse woopa pepala.

M'chikwama ndinali ndi buku limodzi latsopano. Ndinayala mphasa pabwalo monga anandiphunzitsira, n'kuliika pakati. Ana a m'mudzi anaima patali, amayi awo akuwakoka malaya. Ndinaitana wanga.

“Lusiya, bwera utenge. Ndi lako.”

Anayang'ana kumsewu kaye, kenako kwa mana. Anabisa manja kumbuyo n'kundinong'oneza: “Amayi, bisani msanga. Anthu akuona.”