Batire la Bambo Oyandikana Nafe

Bambo oyandikana nafe amakhala okha chimwalirireni akazi awo. Ana ali kutali, ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Bambowa ali ndi njinga yamoto yakale yomwe siilira popanda kuikankha. M'mawa uliwonse amasuzumira pampanda: "Aneba, tandikankhaniko." Ndisanagwire n'komwe, amayamba andifunsa kaye za ana ndi za kuntchito, nkhani osatha.

Makaniko anawauza kale kuti batire linafa, koma iwo amangoti, "Likadali ndi kamoyo." Dzulo, nditatopa ndi kuchedwa kuntchito, ndinawagulira latsopano n'kuwamangira. Atangodina, njinga inalira pomwepo. Anamwetulira pang'ono, kenako anaizimitsa.

"Zikomo, aneba," anatero akupukuta chishalo, osandiyang'ana. "Ndiye kuti mawa simubwera?"